Amayi agwa kawiri chaka chino: kodi tiziwakhazika pamphasa, kapena pali mafizo othandiza?

Funso

Amayi anga ali ndi zaka 76, amakhala kumudzi kufupi ndi Santhe, kuno ku Kasungu. Chaka chino agwa kawiri: koyamba usiku akupita kuchimbudzi, kachiwiri potsika pakhonde atanyamula lichero. Sanathyoke, kungoti bondo linatupa masiku angapo. Amamwa mankhwala a BP. Titakhala pansi pabanja tinawaletsa kupita kudimba ndi kumjigo, n'kuwapezera mtsikana wa ntchito. Tsopano amangoswera pamphasa, ndipo podzuka timachita kuwakoka. Mnzanga wandiuza kuti kuli mafizo othandiza okalamba kuti asamagwe. Kodi ndi zoona, kapena ndi ukalamba basi? Ngati alipo, tingawachite bwanji kumudzi kopanda zipangizo?

Yankho

Ndi zoona, mafizowo alipo ndipo amagwira ntchito. Koma ndiyambe ndi mawu amene mwina sakukomerani. Chimene munagwirizana pabanja chija, ngakhale munachita chifukwa chowakonda, chikuwakonzera amayi kugwa kwachitatu. Mnofu wa munthu wachikulire suchedwa kuphwa. Pa kafukufuku wina, okalamba athanzi amene anagonekedwa pabedi masiku 10 okha anataya pafupifupi kilogalamu 1 ya mnofu wa m'miyendo. Kuswera pamphasa sikuononga mwachangu chomwecho, koma kumalowera komweko. Ntchafu zikafooka munthu amadzuka movutika, akamavutika amayamba kuopa, akamaopa amakhala pansi nthawi yaitali, ndipo tsiku limene wakakamizika kuyenda miyendo imamukana. Mwaona kale nokha kuti amene ankapita kudimba dzana, lero mukuchita kuwakoka.

Vutoli si la amayi anu okha. Bungwe la WHO limati mwa anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse amagwa chaka chilichonse, ndipo kugwa kumapha anthu pafupifupi 684,000 pachaka padziko lonse. Amene wagwa kawiri m'chaka chimodzi timamuwerengera m'gulu la amene ali pachiopsezo chachikulu. Musadabwenso mukadzamva kuti si kawiri kokha. Akuluakulu amabisa, safuna kuoneka ngati asanduka katundu kwa ana awo. Afunseni muli awiriwiri, mofatsa, muwakumbutse kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Kuti munthu aime osadzandira, chimene achinyamata amati balansi, pamafunika zinthu zinayi zigwirizane. Maso amauza ubongo pamene pali pansi. Mkati mwa khutu muli tiziwalo timene timamva ngati mutu wapendekeka kapena watembenuka. Mitsempha ya kumapazi ndi m'mfundo imanena ngati mwaponda mchenga, mwala kapena matope. Kenako minofu ya m'miyendo ndi m'chiuno iyenera kuyankha msanga, phazi liponyedwe kutsogolo thupi lisanapitirire. Mnyamata chimodzi chikasowa zinazo zimakwirira, koma wachikulire alibe zotsalira zambiri. Taonani magwedwe a amayi anu. Usiku uja maso analibe ntchito, anali atangodzuka kumene ku tulo, mwinanso mkodzo unawafulumizitsa. Pakhonde paja lichero linawatchinga kuona popondapo, manja onse anali ndi katundu, ndipo kutsika sitepe kumafuna kuti ntchafu imodzi isenze thupi lonse uku bondo likupinda pang'onopang'ono. Ntchafu yofooka pamenepo imangolekerera.

Musanayambe mafizo alionse, apite kaye kuchipatala, atatenga buku lawo la kuchipatala ndi mankhwala onse amene amamwa, ngakhale ogula pagolosale ndi azitsamba omwe. Pemphani kuti awayeze BP atagona kwa mphindi 5, kenako ataimirira, pakatha mphindi 1 ndiponso pakatha mphindi 3. Nambala yam'mwamba ikatsika ndi 20 kapena kuposa, kapena yam'munsi ndi 10, ndiye kuti magazi amachedwa kufika kumutu akaimirira, ndipo n'chimene chimabweretsa chidima m'maso ndi chizungulire podzuka. Mankhwala a BP amatha kuchititsa zimenezi, makamaka okodzetsa monga hydrochlorothiazide, amenenso akamwedwa madzulo amadzutsa munthu kangapo usiku. Awa ndi omwa m'mawa. Asasiye okha mankhwala, chifukwa BP yolekereredwa imabweretsa sitiroko. Wochepetsa kapena kusintha ndi dokotala. Ena ogwetsa anthu ndi obweretsa tulo monga diazepam, amitriptyline, ngakhalenso Piriton amene anthu amangogula ngati maswiti chimfine chikawagwira. Awayezenso shuga, kuchuluka kwa magazi, mapazi ngati ali ndi dzanzi, ndi maso. Ng'ala imachoka ndi opaleshoni yaifupi, ndipo ku Nkhoma ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe amaichita. A zamaso pachipatala cha boma cha Kasungu akhoza kuwaona n'kuwalembera kalata. Muli pomwepo funsani a mafizo awaone mayendedwe ndi bondo linatupa lija.

Mukabwerako, yezani poyambira. Mufunika foni yowerengera nthawi, kope, ndi mpando wathabwa wolimba, wa msinkhu wa masentimita 43 mpaka 45 kuchokera pansi, kutanthauza kuti akakhala mawondo ndi chiuno zikhale pamzere umodzi. Utsamiritseni kukhoma usathawe. Wa pulasitiki ayi, wa ndalema ayi. Choyamba, apingase manja pachifuwa, adzuke n'kukhala, adzuke n'kukhala, kwa masekondi 30, inu mukuwerenga. Mayi wa zaka 75 mpaka 79 akalephera kufika ka 10 ndiye kuti miyendo yafooka. Bambo wa msinkhu womwewo malire ndi 11. Ngati sangadzuke popanda kugwira, lembani 0, musadandaule, ambiri amayambira pomwepo. Chachiwiri, jambulani mzere pansi mamita 3 kuchokera pampando. Adzuke, ayende mmene amayendera masiku onse, atembenuke pamzerewo, abwerere n'kukhala. Masekondi 12 kapena kuposa akusonyeza chiopsezo. Chachitatu, ali pafupi ndi khoma, aime mapazi ataphatikana kwa masekondi 10. Kenako phazi limodzi litatsogola theka. Kenako chidendene cha phazi lina chitagunda zala za linzake, ngati aima pa chingwe. Amene sakwanitsa masekondi 10 pa kaimidwe kachitatuka amagwa kawirikawiri kuposa anzake. Lembani zonse ndi deti, muzibwereza mwezi ndi mwezi. Manambalawa ndi amene adzawalimbitse mtima tsiku limene adzanene kuti zamasewerazi sizikuthandiza.

Mafizo amene ndikufotokozereni tsopanowa achokera pa ndondomeko imene inakonzedwa ku yunivesite ya Otago ku New Zealand m'zaka za m'ma 1990, n'kuyesedwa pa okalamba oposa 1,000 ochitira mafizo m'makomo mwawo. Kugwa kunachepa ndi 35 pa 100 alionse, ndipo amene anapindula kwambiri ndi a zaka 80 kupita m'tsogolo komanso amene anali atagwapo kale. Mu 2019 bungwe la Cochrane, losanthula kafukufuku wa zaumoyo, linasonkhanitsa kafukufuku 108 wa anthu oposa 23,000, n'kupeza kuti mafizo amachepetsa kugwa ndi 23 pa 100, ndipo ophatikiza kulimbitsa minofu ndi kuphunzitsa thupi kukhazikika amafika pa 34. Onani kuti palibe 100 pamenepo. Amayi akhoza kudzagwabe. Koma pa kugwa kutatu kumodzi kumapeweka, ndipo mwina kumodziko ndi kumene kukanathyola fupa la m'chiuno. Ine ndangosintha zipangizo kuti zigwirizane ndi pakhomo pa kumudzi.

Malo akhale osalala, ouma, owala bwino, opanda nkhuku ndi tiana tothamanga pakati. Pafunika chogwira chimene sichingasunthe: windo, tebulo lolemera, kapena chabwino koposa, zikani mitengo iwiri ya bulugamu mozama n'kukhomera mtanda wopingasa wa mamita 2 kapena 3, wofika m'chiuno mwawo. Aliyense amene anamangapo chigafa cha fodya aimaliza ntchito imeneyi dzuwa lisanakwere. Mtengowo upalidwe usawabaye. Kumapazi avale nsapato zomanga zogwira chidendene, apo ayi apondere pansi popanda kanthu ngati alibe dzanzi ndipo pansi mwasesa. Patapata ndi masokosi okhaokha ayi. Chitenje chikwezedwe chisafike mu akakolo. Adye kaye phala, padutse ola limodzi. Mu June ndi July dikirani dzuwa liwawothe chifukwa mfundo zimakhala zouma. Mu October chitani m'mamawa, atamwa kapu ya madzi. Wowathandiza aime pambali, chakumbuyo pang'ono, kumbali yofooka. Asawagwire manja. Amangeni chitenje china m'chiuno ngati lamba, dzanja likhale pafupi nacho, kugwira pokhapokha akapendekeka zenizeni.

Ayambe ndi kutenthetsa thupi mphindi 5: kuponda pamalo amodzi atagwira mtanda uja, kutembenuza mutu pang'onopang'ono kumanja ndi kumanzere ka 5, kuzunguza mapewa, kupinda ndi kuwongola akakolo ka 10 phazi lililonse.

Ngati mungaiwale zonse, musaiwale kudzuka pampando, chifukwa ndi kumene kumamanga ntchafu ndi matako, minofu yodzutsa munthu pamphasa, pachimbudzi ndi pabedi. Asendere kutsogolo kwa mpando. Mapazi atalikirane ngati m'lifupi mwa chiuno, abwezedwe m'mbuyo pang'ono akhale pansi pa mawondo. Aweramire kutsogolo mpaka mphuno ifike pamwamba pa zala za kumapazi, akankhe pansi ndi mapazi onse, aimirire mpaka mawondo ndi chiuno ziwongoke. Aime kaye pang'ono, kenako akhale pansi mukuwerenga mpaka 4. Pokhalapo ndi pamene pali phindu lalikulu, ndipo ndi pamene ambiri amabera. Amangodziponya pampando kuti phi! Kutero n'kutaya theka la ntchito, chifukwa mnofu umene umatsitsa thupi mwaulemu pampando ndi womwewo umene unalephera pakhonde paja. Ayambe ndi ka 5 akukankha ndi manja onse awiri. Akafika ka 10 mosavuta, dzanja limodzi. Kenako manja pachifuwa. Kenako ka 10 kawiri, akupuma mphindi 1 kapena 2 pakati. Ngati poyamba zikukanika, pindani bulangete muike pampando ukwere, akalimba chotsani. Muziyang'ana mawondo asagwere mkati n'kugundana. Asabanike mpweya pokankha, chifukwa zimakweza BP. Njira yosavuta n'kuwauza aziwerenga mokweza, popeza munthu sangawerenge atagwira mpweya.

Zina zolimbitsa zimafuna kolemetsa mwendo. Dulani mwendo wa thalauza yakale, thiranimo mchenga wouma, sokani mbali zonse, musiye nsalu yomangira pa akakolo. Yambani ndi theka la kilogalamu, kulemera kwa botolo la madzi la theka la lita, kenako kilogalamu 1, imene mungayerekeze ndi paketi ya shuga. Atakhala pampando, awongole bondo mpaka mwendo uthe kuwongoka, autsitse pang'onopang'ono, ka 10 mwendo uliwonse. Ataima atagwira mtanda, apinde bondo chidendene chilunjike kumatako, ka 10. Kenako anyamule mwendo chammbali, wowongoka, zala zikuloza kutsogolo, thupi lili chilili osapendekera mbali inayo, ka 10. Ameneyu amaoneka wachibwana koma ndi wofunika, chifukwa minofu ya m'mbali mwa chiuno ndi imene imaletsa kugwera chammbali, ndipo kugwera chammbali n'kumene kumathyola fupa la m'chiuno. Kukweza kutenge masekondi 2 kapena 3, kutsitsa 4 kapena 5. Akamakwanitsa ka 10 kawiri osatopa, onjezani theka la kilogalamu. Mulingo woyenera ndi umene maulendo awiri omaliza akuvuta koma akutheka osapindika thupi.

Akamasula mchengawo, anyamuke pa zala za kumapazi ngati akusuzumira kuseri kwa mpanda, ka 10, n'kutsika pang'onopang'ono. Kenako atukule zala aimire zidendene, ka 10, matako osathawira kumbuyo. Mnofu wa kutsogolo kwa msongolo ndi umene umatukula zala poyenda. Ukafooka munthu amakwekwesa mapazi, ndipo muzu, mphepete mwa mphasa kapena kamwala kakang'ono kamamupunthwitsa.

Tsopano gawo lophunzitsa thupi kukhazikika, pamene mabanja ambiri amalakwitsa chifukwa cha chifundo. Thupi limaphunzira pokhapokha likagwedezeka pang'ono n'kudziwongola lokha. Agogo amene akakamira mtanda ndi manja onse awiri, mdzukulu atawakumbatira m'chiuno, akhoza kuima pamenepo chaka chathunthu osapindula kanthu. Komanso amene mwawasiya okha pakati pa bwalo mwawaika pangozi. Pakati pake ndi apa: kugwira kuzichepa mwa masitepe. Manja awiri, kenako dzanja limodzi, kenako zala ziwiri, kenako chala chimodzi, pomaliza dzanja lili pamwamba pa mtanda osakhudza. Mukaona akakolo akunjenjemera pang'ono, zala za kumapazi zikukanda pansi, iwo akuti "iii, ndigwatu" koma osagwa, dziwani kuti ntchito ikugwirika. Akamachita bwinobwino akucheza nanu, zaphweka, tsikani sitepe ina. Akamagwira mtanda mwadzidzidzi kawirikawiri, zavuta kwambiri, bwererani sitepe imodzi.

Ndi lamulo limeneli, aime chidendene chitagunda zala kwa masekondi 10, asinthe phazi lotsogola, kukwera mpaka 30. Aime ndi mwendo umodzi masekondi 10, mbali zonse, kukweranso mpaka 30. Mwendo wonyamulidwawo usatsamire unzake, maso ayang'ane chinthu chimodzi kutsogolo osati pansi. Ayende motsatira mtanda masitepe 10 chidendene chikugunda zala, atembenuke, abwerere. Ayende chammbali masitepe 10 kupita ndi 10 kubwerera, mapazi osapingasana. Ayende chafutambuyo masitepe 10, inu mutaonetsetsa kuti kumbuyo kulibe kanthu. Ayende pa zala zokha masitepe 10, pa zidendene zokha 10. Ikani njerwa ziwiri motalikirana mita imodzi ndi theka, azizungulire molemba nambala 8, kawiri, chifukwa anthu ambiri amagwa potembenuka, mwina wina wawaitana kumbuyo. Pomaliza sitepe ya pakhonde yomwe ija: akwere n'kutsika ka 5 mpaka 10 atagwira nsanamira. Pa moyo wa tsiku ndi tsiku, pokwera patsogole mwendo wamphamvu, potsika patsogole wofooka.

Si zonse tsiku loyamba. Sabata ziwiri zoyambirira zikwanira kudzuka pampando, kunyamuka pa zala ndi pa zidendene, kuyenda chammbali ndi kuima phazi litatsogola theka. Muziwonjezera chimodzi kapena ziwiri sabata iliyonse. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu yambani kuwasokoneza dala, chifukwa m'njira palibe amene amayenda ali chete maso ali patsogolo. Aziyenda akutchula mayina a zidzukulu kuyambira wamkulu, kapena akutembenuza mutu ngati akuyankha moni, kapena atanyamula lichero lopanda kanthu. Mukaona kuti mukawafunsa funso amaima kaye kuti ayankhe, ndi chizindikiro choti kuyenda kukuwadyera nzeru zonse, ndipo mbali imeneyi ikufunika nthawi yambiri.

Mulingo wake ndi masiku atatu pa sabata, monga Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, mphindi 30 tsiku lililonse, tsiku lapakati minofu ipume. Malangizo a WHO a mu 2020 akunenanso masiku atatu kapena kuposa. Mphindi 30 zikachuluka, gawani m'mawa ndi madzulo. Masiku ena awiri aziyenda, kuyambira mphindi 10 mpaka 30, panjira yodziwika, kuli kowala, ndi mnzawo. Zoima ndi mwendo umodzi angathe kuchita tsiku lililonse, podikira madzi awire, bola atalikire moto. Mphamvu mudzayamba kuiona pakatha sabata 8 mpaka 12, koma kuti kugwa kuchepe ndithu pamafunika maola pafupifupi 50, ndiye kuti miyezi pafupifupi 8 pa mulingo umenewu. Akasiya, phindu limaphwa m'miyezi yochepa. Nthawi yodzala ndi yokolola ndi imene mafizo amafera, aliyense ali kumunda. Konzeranitu amene adzakhale nawo.

Wina pabanjapo anena kuti amayi aziyenda basi, kutchalitchi ndi kumsika, zikwanira. Sizikwanira. Kuyenda n'kwabwino ku mtima, BP ndi shuga, koma pakokha sikunaoneke kuti kumachepetsa kugwa, ndipo munthu wodzandira mukamulimbikitsa kuyenda mwachangu mumangomuchulukitsira mipata yogwera. Kuyenda kubwere pamwamba pa mafizo.

Pali chinthu chimene mabuku akunja sachilabadira kwenikweni koma kwathu kuno n'chachikulu: kudzuka pansi. Amayi athu amakhala pamphasa, kumaliro, kuchinkhoswe, posankha mtedza. Kuwakoka mikono n'koopsa, phewa limatha kuguluka ndipo wokokayo amapweteka msana. Aphunzitseni chonchi. Atembenukire chammbali, adzuke ndi chigongono, agwade manja ali pansi, akwawe mpaka pa chinthu cholimba monga mpando wotsamira khoma. Manja onse pampando, atsogoze mwendo wamphamvu phazi liponde pansi lonse, akankhe ndi manja ndi mwendowo, atembenuke n'kukhala pampando, apume. Pophunzitsa yambirani kumapeto: ataima atagwira mpando, atsitse bondo limodzi pa pilo n'kubwerera. Zikatheka, mawondo onse awiri. Kenako manja pansi. Kukhala pansi penipeni kubwere pomaliza, pakatha sabata zingapo. Ngati mawondo ali ndi nyamakazi yoti sangagwade, musakakamize. Apezereni kampando koyenda nako, ndipo a mafizo awaonetse njira ina. Luso limeneli ndi limenenso lidzawapulumutse akadzagwa pakhomo palibe munthu, chifukwa kugona pansi maola ambiri kumadwalitsa ngakhale fupa lisanathyoke.

Kudimba abwerere, koma mwa dongosolo. Ayambe ndi ntchito za pakhomo, kusesa, kusenda, kutsuka mbale ataimirira. Manambala aja akayamba kukwera, apite kudimba ndi munthu, masana, opanda katundu pamutu, kupewa m'mphepete mwa chitsime ndi kudumpha mizere. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20. Imeneyo isiyireni mtsikana uja. Ngati ankavina chimtali kapena amaimba kwaya yopondaponda, alimbikitseni. Kusuntha thupi kuchoka mwendo wina kupita wina motsatira ng'oma ndi sukulu yabwino ya miyendo, ngakhale sikulowa m'malo mwa zolimbitsa ntchafu. Ndipo anzawo awiri kapena atatu a ku Chigwirizano kapena kumphakati akamabwera kudzachitira limodzi pa mtanda uja, sadzafunanso kukumbutsidwa. Munthu wamkulu savomera msanga kulamulidwa ndi mwana amene anam'bereka kumbuyo, koma mnzake akamuposa kuima ndi mwendo umodzi, mawa adzayamba yekha.

Pakhomo konzani zimene zinawagwetsa. Njira ya kuchimbudzi isalazidwe, muchotse miyala, mizu ndi zingwe za mbuzi. Tochi igone pafupi ndi pilo. Usiku, makamaka nthawi ya mvula, kandowa kovundikira m'chipinda si chamanyazi. M'chimbudzi zikani mtengo wolimba wogwira ponjuta ndi podzuka, kapena mangani pokhalira pokwera ndi njerwa. Kubafa palani ndere pamiyala, muikemo kampando. Pa sitepe ya pakhonde pakhale chogwira, ndipo ngati ndi yaitali kwambiri onjezani ina yapakati. Podzuka ku tulo asamangoti nyamu: akhale kaye m'mphepete mwa bedi mphindi imodzi akupinda akakolo, aime atagwira, awerenge mpaka 10, kenako ayende. Ndodo ikhale yofika pamfundo ya dzanja pamene aima chilili mikono ili lende, igwiridwe mbali yosiyana ndi mwendo wopweteka, ndipo kunsi kwake mukhomere kachidutswa ka tayala kuti isaterereke pasimenti.

Mnofu sumangika ndi nsima ndi masamba okha. Tsiku lililonse pakhale chimodzi mwa izi: nyemba, soya, nsinjiro, dzira, mkaka, usipa kapena matemba odyedwa ndi minga yomwe, imene imalimbitsa mafupa. Achikulire ambiri amadzimana madzi poopa kukodza; amwe bwino masana, achepetse madzulo. Mowa ndi mafizo a tsiku limenelo siziyendera limodzi.

Kuphwanya kwa minofu tsiku limodzi kapena awiri mutayamba n'kwachibadwa, asaleke. Ululu wobaya m'mfundo, kapena bondo lotupa ndi kutentha, ndi chizindikiro chochepetsa kulemera ndi kupinda, ndipo zikapitirira masiku atatu akaonedwe. Siyani nthawi yomweyo n'kuthamangira kuchipatala akamva kupweteka pachifuwa, kubanika kwambiri, mtima kugunda mosalongosoka, kukomoka, kapena mkono ndi mwendo wa mbali imodzi zikafooka mwadzidzidzi, pakamwa kupotoka, mawu kusamveka. Akadzagwanso, musawadzutse mwaphuma. Ngati akulephera kuponda, akumva ululu m'chiuno kapena m'mphechepeche, mwendo ukuoneka waufupi ndipo phazi lagonera kunja, n'kutheka kwambiri kuti fupa la m'chiuno lathyoka. Osakoka, osathowa, osatema mphini; agonekeni pa chitseko kapena thabwa, mumange miyendo yonse iwiri pamodzi ndi zitenje, mupeze galimoto. Ngati anamenyetsa mutu, muziwayang'anira kwa sabata zingapo ngakhale akuoneka bwino. Mwa achikulire magazi amatha kudontha pang'onopang'ono mkati mwa chigaza, ndipo pakatha sabata ziwiri, zinayi, ngakhale zisanu ndi chimodzi munthu amayamba mutu wosatha, tulo tambiri, kusokonezeka ndi kudzandira. Pamudzi anthu amayamba kunong'ona kuti agogo azungulira mutu kapena pali dzanja la munthu, pamene ndi vuto limene madokotala amachotsa ndi opaleshoni likadziwika msanga.

Pakatha miyezi itatu tsegulani kope lija. Kudzuka pampando kukakwera ndi kawiri kapena katatu, masekondi a mamita 3 aja akatsika, kapena akamaima pa chingwe chija nthawi yotalikirapo, pitirizani ndipo onjezani mchenga. Ngati achita mokhulupirika koma manambala sakusuntha, yang'anani kaye ngati simukuwagwiririra kwambiri kapena mchenga sunapepuke. Ngati akutsika, kapena mwaona dzanja likunjenjemera ali phee, masitepe afupika n'kumakwekwesa, mkodzo ukuwapulumuka, kapena dzanzi likukwera m'miyendo, bwererani nawo kuchipatala msanga, kopelo lili m'manja, dokotala aone deti limene zinayamba kusintha.